Kasitima ka alamu anga kasiya kulira

Loweruka lapitali ndinaitanidwa ku Nkaya kukaweruza mlandu wa m'banja. Woimbidwa mlandu anali sitima.

Osati yeniyeni ija yodutsa pa njanji, iyayi. Alamu anga a Jafali anagwira ntchito ya njanji mpaka kupuma, ndiye mwana wawo wamkazi amene ali ku Joni anawatumizira kasitima koseweretsa: mutu wake kutalika ngati chitsononkho, timabogi, ndi tinjanji tozungulira pa tebulo. Amakayendetsa ndi batire ya sola. Poyamba kankayenda mwaulemu. Kenako kanayamba kulira ngati chigayo chimene chapatsidwa chimanga chosauma.

Achemwali anga a Esinati anandichingamira pakhomo, mpando osandipatsa.

"Achimwene, muwauze alamu anuwa. Chichoke chinthuchi, apo ayi achoke nacho limodzi. Mutu wanga sukupuma."

Alamu ali pachikamwini, ndiye mawu amenewa sanawaseke.

Pabalaza ndinapeza akatswiri atadzaza kale. A Yusufu a kabaza anali atapaka girizi wa njinga kunsi kwa kasitimako, akuti palibe chitsulo chimene chimakana girizi. Mayi a pa golosale anali atadonthezapo mafuta ophikira. Aphunzitsi opuma a nyumba yoyandikana anafotokoza kuti zinthu zakunja sizigwirizana ndi kutentha kwa ku Balaka. Bambo ena amene anangotsatira phokoso kuchokera kumsewu anatsitsa mawu n'kunena kuti pali wina amene sakugona tulo poona kuti mwana wa pakhomopa amatumiza katundu.

Nanga ine, munthu wolemba m'nyuzipepala, ndikanakhala chete anthu akundiyang'ana? Ndinakhosomola n'kugamula kuti batire yatha mphamvu.

Kasitima kanapitiriza kulira, tsopano kakununkha ngati chiwaya cha tchipisi.

Mwa tonsefe panalibe amene anali ataonapo m'kati mwake.

Si momwe tilili kodi, abale? Minibasi ikafa pa msewu wa ku Liwonde, tonse timatsika n'kuzungulira injini, manja kumbuyo. Wina ati mafuta, wina ati mapulagi, wina ati dalaivala ndi mwana. Mjigo wa m'mudzi ukayamba kulira timaitanitsa msonkhano, msonkhano usankha komiti, komiti ipempha maphunziro a kasamalidwe ka mjigo ku boma, makamaka kumene kuli chakudya chamasana. Pomwe akubwerako, mjigo uja wasiya kulira chifukwa wafa. Mnzathu akadandaula mutu, aliyense ali ndi dzina la matenda ndi mankhwala ake, ngakhale amene sadziwa kumene chipatala chayang'ana.

Mawu akuti "sindikudziwa" timawaopa kuposa ngozi. Mawu akuti "tiyeni titsegule tione" ndiye timawada, chifukwa amadetsa manja, komanso akhoza kuonetsa kuti timanama.

Chimene chinatipulumutsa tsikulo ndi mantha a alamu. Ataona achemwali akutsitsa chikwama chakale cha amuna awowo pamwamba pa kabati n'kuyamba kuchipukuta fumbi, anatipempha mwaulemu kuti tikakhale pakhonde. Ine ndinatsalira pazenera.

Anamasula timasikulu, n'kuvundukula mutu wa kasitima. M'katimo munali phala lakuda: girizi, mafuta ophikira, fumbi, tsitsi, ndi ulusi wa nsalu ya pa tebulo utakulunga timagiya. Chimene chinayambitsa phokoso chinali ulusiwo. Zina zonsezo tinabweretsa ndife. Anatola ulusi ndi singano, anatsuka timagiya ndi mswachi wakale woviika mu sipiriti, n'kudikira kuti tiume. Kenako anapempha mafuta a makina osokera, ndipo ndi kamtengo ka machesi anaika kadontho kamodzikamodzi.

Atakaika pa tinjanji, kanayenda mwakachetechete moti tinamva nkhuku ikupalasa panja.

A Yusufu anati girizi wawo ndiye wayamba kugwira ntchito. Aphunzitsi anati dzuwa lapendeka, kwayamba kuzizira. Bambo a kumsewu aja anati munthu wansanjeyo wachita manyazi. Ine ndinati batire yapuma. Tinabalalika aliyense atapambana, chikwama n'kubwerera pa kabati.

Lachiwiri m'mawa achemwali anandiimbira foni. Akuti alamu akudandaula kuti sitima yopanda phokoso si sitima, ndiye phokosolo akulipanga okha ndi pakamwa. Akuimba huta, akuitana masiteshoni, "Nkaya! Liwonde! Nayuchi!", ndipo pa siteshoni iliyonse akuima n'kufotokoza zimene zinawachitikira kumeneko ali pa ntchito. Pa foni pomwepo ndinkawamva akunyamuka pa Liwonde.

"Achimwene," anatero achemwali, "chija chinali ndi pozimitsira. Awa ndiwazimitsa pati?"

Ndinawauza kuti netiweki ikuvuta.