Kadera ya pa chinkhoswe

Msana wanga unathyoka ndi mapoto, ndikuuzeni. Malasha atayamba kukumbidwa kuno ku Moatize, ndinkaphikira anyamata a ku mgodi, ndipo mwana wa munthu akachoka kuntchito amadya ngati ali awiri. Kunyamula zigubu, kuwerama tsiku lonse. Kenako mwendo wamanzere unayamba dzanzi, ululu kuchokera m'chiuno mpaka ku chala. Adotolo anati kanthu kofewa kokhala pakati pa mafupa a msana katuluka, kakufinya mtsempha. Anandicheka, n'kuchotsa kachidutswako. Nditatsitsimuka ndinagwedeza zala zakuphazi, zonse zikumva! Ndinaseka mpaka anamwino kundikalipira.

Koma malamulo ake, amayi inu! Osawerama, osanyamula, osakhala pansi pamphasa. Podzuka uzigubuduka ngati chipika. Kuyenda kokha ndiye anati yendani, ndiye ndinkazungulira bairo yonse ya 25 de Setembro, dera lomwe timakhala, ngati wapolisi, agalu mpaka anasiya kundiuwa.

Tsono mwana wanga wamkazi wotsiriza anali atapeza mnyamata wa ku Zobue, ndipo chinkhoswe chinagwera nthawi yomweyo. Akwawo kwa mnyamatayo ndi alimi a kumtunda, anthu aulemu wakale. Kumeneko mzimayi amapereka moni atagwada, amakhala pamphasa, mipando ndi ya abambo. Mwana wangayo m'chapa monse, minibasi yomwe tinakwera, ankangondinong'oneza: "Amayi, mugwadeko pang'ono pokha, angandikane." Chapanso chake, dalaivala ankachita ngati akusankha maenje.

Titafika, ndinapereka moni chiimirire. Mchimwene wanga ananditengera kadera, mpando wa pulasitiki, ndinakhalapo pakati pa azibambo. Pamphasa panayamba manong'onong'o. Wina ananena mokweza dala: "A ku Moatize malasha anawalowa m'mawondo." Ankhoswe awo nkhani osaiyamba. Mwana wanga misozi ili lengelenge.

Pamenepo mayi a mnyamata, asewere anga tsopano, kamzimayi kakafupi kolankhula ngati wailesi, anadzuka. "Asewere, tabwerani kuseri kuno." Kuseriko anandiyang'ana m'maso: "Mwatinyoza chifukwa chiyani?" Ndinangomasula kapulana, chitenje changa chija, n'kukweza bulauzi kuwaonetsa chipsera cha pamsana.

"Mayo ine! Anakung'ambani ngati thumba la mbatata!" Anagwira chipseracho ndi chala, ine ndikuwafotokozera za msana ndi dzanzi la mwendo. "Ndiye mwendo unasiya?"

"Unasiyiratu."

"Wangatu uno ukundisowetsa tulo chaka chino. Amabaya kaye kuti usamve?"

Tinaiwala chinkhoswe, ife kufotokozerana miyendo. Ndinawaonetsa kugubuduka kwa chipika, titatsamira khoma, iwo kuseka mpaka kutsokomola. A kubwalo anachita kutuma mwana kudzatiitana.

Pobwerera asewere anapita molunjika kwa amuna awo. "Bambo ake, tadzukani." Bambowo anadzuka osadziwa chifukwa. Asewere anakoka kaderayo, kuiika pafupi ndi yanga, n'kukhalapo. "Asewere anga anachekedwa msana, sakhala pansi. Ndipo kwathu kuno mlendo sakhala yekha. Amene wanena za mawondo uja abwere adzaone chipsera."

Palibe anabwera. Bambo aja anayang'ana uku ndi uku, kenako anapinda miyendo pamphasa, pafupi ndi alongo awo. Nthungululu zinalira bwalo lonse. Ankhoswe anakonza pakhosi n'kuyamba nkhani, ndipo nkhuku zisanapse mwana wanga anali atalandiridwa.