Miyala ya Mzere wa Kumtunda

Ndinadzuka tambala asanalire, ndili pamkeka pambali pa bokosi la amuna anga. Amayi a mpingo anali ataimba usiku wonse, ndipo ambiri anali akuwodzera atatsamira khoma. Panja moto wa tiyi unali utayaka kale ndi nkhuni zobwera pa boti kuchokera ku Kobwe. Chimene chinandidzutsa ndi wilibala. Inkatsika kuchokera kumunda kwathu yolemera, n'kubwereranso yopanda kanthu.

Kutayamba kuyera ndinasuzumira pawindo. Adzukulu okumba manda ankagumula mzere wa miyala wa kumtunda kwa munda.

Kwathu ku Yofu, pachilumba pano, dothi ndi lochepa, pansi pake ndi thanthwe. Kale mvula ikagwa, madzi ofiira ankatsika phiri, kudutsa pakhomo pathu, n'kukathira pagombe pomwe timatunga madzi akumwa. Ana ankatsegula m'mimba. Amuna anga anatola miyala zaka zambiri, kuyala mizere yopingasa phiri, n'kubzala udzu wa vetiva m'mbali mwake. Anthu ankawaseka kuti akumangira abuluzi nyumba. Ataona chinangwa chathu anasiya kuseka, nayamba kuwaitana, mpaka anayala mizere m'minda ya ku Khuyu. Mzere wa kumtunda ndiwo unkatseka mutu wa chigwembe chakale chimene madzi aja ankadutsamo.

Pamanda timazunguliza mtumbira ndi miyala kuti mvula ndi mbuzi zisaufafanize. Mng'ono wa amuna anga, amene anabwera pa sitima yapamadzi kuchokera kumtunda, ndiye anatuma adzukulu aja. Anati miyala imene mkulu wake ananyamula ndi manja ake ndiyo imugonere. Kwa iye unali ulemu.

Namfedwa salamula pamaliro. Ndinanong'oneza mchemwali wa amuna anga amene anakhala pambali panga.

"Alamu, auzeni asiye mzere umenewo."

"Khalani chete, alamu. Lero si tsiku la munda."

Anthu anayamba kufika dzuwa litakwera pang'ono, ena wapansi kuchokera ku Chipyela ndi ku Khuyu, ena pa maboti kuchokera kutsidya. Aliyense wolowa ankagwada n'kundigwira dzanja. Ine maso anali pakhomo. Kumbali ya Mozambiki mitambo inali itada bii, mphepo itatheratu, ndipo amayi ophika ankakangana ngati alowetse nkhuni m'khitchini. Ndinachita manyazi kuti mwamuna wanga wagona apa, ine mtima uli kuphiri.

Tili m'tchalitchi mvula inayamba kugunda malata. Mawu a ansembe sindinawamve. Titatuluka inali itachepa, ndipo tinanyamuka kupita kumanda, bokosi patsogolo, ine amayi awiri atandigwira m'mikono. Njira yake imadutsa kumunsi kwa munda wathu. Pamenepo ndinaona madzi ofiira akuyenda m'chigwembe chija. Onyamula bokosi anachita kulumpha. Mitengo ya chinangwa ya mayi wina wokalamba, woyandikana nafe munda, inali itagona mizu ili poyera.

Amuna anga anawatsitsira m'manda, ansembe anapemphera, adzukulu anakwirira. Ine ndinaika nkhata yanga. Mlamu wanga wamwamuna uja atatola mwala woyamba, pakamwa panga panatseguka pokha.

"Alamu, miyala imeneyo si ya pano. Ibwerere komwe yachoka."

Iye anandiyang'ana mwala uli m'manja.

"Mukufuna mkulu wanga agone ngati mlendo wopanda abale?"

"Ndikufuna ana ake amwe madzi oyera mawa."

Wina kumbuyo anati chisoni chandizunguza mutu. Kenako mayi wokalamba wa chinangwa uja anapinda chitenje chake, kuchiika pamutu, n'kusenza mwala.

"Inu abambo, mwaima ngati milambe bwanji?" anatero. "Miyala ya m'minda mwanu anayala ndani?"

Anauyamba ulendo wa kuphiri yekha. Msodzi wina anamutsatira, kenako amayi a mpingo ndi mayunifolomu awo oyera, kenako adzukulu ndi wilibala. Ine sanandilole kunyamula. Anandibweza kunyumba, ndipo ndinaona pawindo anthu ali mdipiti kukwera phiri, mvula itayambiranso. Ambiri ankadziwa kayalidwe kake, yaikulu pansi, yaing'ono yotsekera mipata, chifukwa anaphunzira m'minda mwawo. Chakudya anadya mochedwa, atanyowa.

Madzulo anthu anabalalika. Mlamu wanga sanalowe kudzanditsanzika. Anakagona kwa anzake ku Chipyela kudikira sitima, ndipo mchemwali wake anandiuza kuti mawu anga adzakambidwa pa banja. Mayi wokalamba uja anataya mizere itatu ya chinangwa, ndipo pagombe madzi anafiira ndithu mbali imodzi.

Tinatsala anthu ochepa m'nyumba, mipando ili panja, pamene panali bokosi pali mbee. Mvula yamphamvu inabwera tikuyatsa nyali. Ndinakaima pakhomo kumvetsera. Madzi ankagwa kuchokera padenga basi, m'chigwembe munalibe phokoso. Ndinaganiza za mtumbira wa amuna anga uli pamvula wopanda mwala ndi umodzi womwe, ndipo m'pamene ndinayamba kulira.