Khadi Limodzi la Chikuku

Bambo osunga mafayilo akale a chipatala amagwira ntchito okhaokha m'chipinda chapansi chonunkha fumbi. Akamva mapazi pamasitepe amakonza kolala, koma mapaziwo amangodutsa. “Kuno munthu amafika akasochera,” amatero.

Tsiku lina kunatsika dokotala wachitsikana wofufuza za mliri wakale wa chikuku. Bambo aja anamutulutsira mabokosi onse, koma khadi limodzi analikakamira.

“Bambo, limenelonso ndikulifuna. Ndingolemba zaka za wodwala ndi tsiku lomwalira.”

“Dzina simulemba?”

“Malamulo salola.”

Bambo aja anamupatsa khadilo. “Ndiye ingolitchulani, mayi, ndilimveko. Ndi mwana wanga. Chimwalirireni mayi ake, palibe amene walitchulapo.”

Dokotala uja anaika cholembera pansi, nawerenga dzinalo mokweza, kawiri.