Phula la padenga lathu ku Kanyama

Linali Lachitatu mu Okutobala, dzuwa lili paliwombo, pamene mlamu wanga anakwera padenga la nyumba yathu atanyamula chitini cha phula.

Amuna anga anali atagona miyezi yambiri ndi chifuwa. Fakitale yomwe ankagwirako ntchito inali itatsekedwa, ndipo za malata atsopano sitinkaziganizira n'komwe. Dzinja lapitalo denga linkadontha pamphasa pawo penipeni, ine n'kumawakokera uku ndi uku pofuna pouma. Ndinalumbira kuti mvula ya chaka chimenecho siwakhudza. Phulalo anandipatsa bambo wina wokonza misewu amene ndinkamuchapira zovala.

"Ba mulamu, nimate pamabowo chabe?" anafunsa ali pamwambapo.

"Pakani ponse," ndinatero. "Lotsalalo tidzadya?"

Anaseka, n'kupaka ponse. Denga linada bii, ine mtima unakhala pansi.

Mawa lake masana m'nyumba simunkakhalika. Kandulo amene anali pawindo anachita kupindika. Amuna anga anayang'ana kudenga, thukuta lili kamukamu, nati, "Amake mwana, mwaganiza zondiphika ndisanafe?" Tinaseka tonse, mpaka chifuwa chinawadula.

Ndinkawapukuta ndi nsalu yonyowa n'kumawakupiza ndi chikatoni. Tsiku lina anati, "Munditulutseko panja, ndikagone pamthunzi wa khoma." Koma mpopi womwe azimayi ankatungapo madzi unali moyang'anizana ndi khomo lathu, ndipo amuna angawo anali ataonda kwambiri. Masiku amenewo munthu akaonda chotero, anthu ankayamba kunong'onezana dzina la matenda. Ndinawayankha kuti, "Mawa, anthu akachepa." Kukacha ndinkanenanso zomwezo. Kenako analeka kupempha.

Anamwalira mvula isanagwe. Inayamba tikuchokera kumanda, yamphamvu, azimayi a kumpingo atadzaza m'nyumba. Denga silinadonthe ngakhale pamodzi. Mmodzi wa iwo anayang'ana m'mwamba nati, "Koma denga muli nalo labwino, amai."

Anamwino a kukiliniki anandiuza kuti matendawo akanawatengabe. Sinditsutsa. Chimene chimandidya ndi chakuti za kutenthako sizinali zachilendo kwa ine. Kuyambira pomwe makala anakwera mtengo, madzi awo osamba ndinkafunditsa padzuwa m'chigubu chakuda, chifukwa pofika masana ankakhala ngati achoka pambaula. Akumwa ndinkasunga m'chigubu choyera, poti icho sichikoka dzuwa. Kusukulu sindinapite patali, koma izi ndinkazidziwa ndi manja angawa. Tsiku lomwe mlamu anali padenga, chigubu chakudacho chinali pabwalo, madzi akufunda. Ine maganizo anali pa mvula yokha, mvula imene amuna anga sanaione.

Phula silichoka pamalata, ndinayesa kulipala ndi mpeni n'kulephera. Pangodya pomwe ankagona iwo, tsopano pamagona mdzukulu wanga wamkazi masana amake akapita kumsika. Choncho chaka chilichonse, kutentha kusanayambe, ndimasungunula laimu m'ndowa, n'kukwera ndekha padenga ndi tsache kukalipaka kuti liyere. Mvula ikabwera imatsuka, lakuda lija limaonekeranso, ndipo chaka chinacho ndimapakanso.