Mabisiketi a Kokonati ndi Alendo a Lamulungu

Lamulungu loyamba la Julayi, 2000

Ndinadzuka mphuno itazizira ngati ya galu, koma mtima uli m'malo. Pamwamba pa wadirobu panali chitini, m'chitinimo mabisiketi makumi awiri ndi anayi, ndipo ine ndinali katswiri wophika wa Garsfontein yense. Panopa dzuwa likulowa, ukatswiri uja wathera m'mimba za anthu.

Ndifotokoze bwino. Mnzanga wa m'kalasi, amene wakhala akundigawira masangweji ake pa buleki chiyambire Januwale, wandiitana kwawo ku Queenswood mawa, poti tili pa holide. Aka n'koyamba kuno ku Joni kuti ndikalowe m'nyumba ya eni kudzera khomo lakumaso. Nditawauza amayi anati, "Mwana woleredwa sapita pakhomo pa eni chimanjamanja." Mawu anzeru kwambiri. Lero ndawamvetsa bwino.

Dzulo adona amene amayi amawagwirira ntchito anatibwereka uvuni, chifukwa m'kachipinda kathu kuseri kwa galaja muli kasitovu kongowiritsira basi. Kaphikidwe ndinakopera m'magazini ya adonawo: batala, shuga, mazira, fulawa ndi kokonati wa m'paketi. Pamwamba umapaka aisingi, shuga wosalala wosungunula ndi madzi a mandimu, n'kuwazanso kokonati kuti azioneka ngati agweredwa chisanu. Chisanu chenicheni tili nacho pa kapinga m'mawa uliwonse ndipo chimating'amba zidendene, koma cha pa bisiketi ndiye chaulemu.

Thireyi yoyamba inapserera. "Eish, sekondale yonseyi n'kuphika makala!" anatero amayi. Tinapala ndi mpeni n'kudya tokha. Zotsatirazo zinatuluka ngati za pachithunzi. Ndinapaka aisingi imodziimodzi ndi kumbuyo kwa supuni mpaka zala zinauma.

Kulakwa kwanga n'kumodzi: ndinaiwala kuti Loweruka likatha kumabwera Lamulungu.

Lamulungu masana kachipinda kathu kamasanduka Malawi. Anayamba kufika amayi awiri a kutchalitchi kwathu. Kenako achimwene ena a ku Machinga ogulitsa malamba ku Pretoria North, ndi abambo ena osamalira maluwa panyumba yachitatu kuchokera pathu. Amayi anatereka tiyi. Buledi anali atatha. Ndinaona maso awo akukwera wadirobu pang'onopang'ono.

"Amayi, chonde," ndinanong'ona.

"Alendo amwe tiyi wopanda chomwera? Tsitsa, angolawa."

Angolawa!

Achimwene a ku Machinga, poti ndi Msilamu, anayamba afunsa ngati mulibe mafuta a nkhumba. Mulungu andikhululukire, bodza linafika pakhosi penipeni. Koma amayi anandiphangira: "Batala yekhayekha, achimwene, masukani." Anamasukadi, kanayi konse.

"Koma mtsikanayu wakula!" anatero mmodzi wa amayi a kutchalitchi, milomo ili mbuu ndi kokonati. "Manja awa ndi a pabanja, sukulu ikungomuchedwetsa." Mnzawo anadandaula kuti shuga wachuluka, mano awo salola, ndipo pofuna kutsimikiza anatenganso ina. Abambo a maluwa ankangoviika mu tiyi, aisingi wanga wa ola lathunthu akusungunuka ndikuona.

Ine ndinagwada pomwepo, chitini m'manja, ndikumwetulira monga mwana waulemu. Potsanzikana amayi anga anawakulungiranso alendowo ena m'nyuzipepala. "Awa ndi a ana kunyumba." Ana amenewo sindinawaonepo, koma ndikhulupirira akula bwino.

Anatsala atatu, imodzi yothyoka.

Ndinakalira pang'ono pafupi ndi chingwe choyanikira zovala. Amayi ananditsatira. "Usatupe, iwe. Iwonso sanabwere chimanjamanja." N'zoona. Abambo a maluwa asiya mtedza wokazinga, achimwene asiya usipa wouma umene wafika pa basi kuchokera kumudzi.

"Usipawu ukawapatse amayi ake a mnzakoyo," anatero amayi.

Inde. Ndikwere takisi ndikununkha usipa, amphaka onse a ku Queenswood akandichingamire pa siteji.

Kuphikanso sizitheka. Kokonati watha, ndipo mawa uvuni uli ndi ntchito ya eni ake. Ndinaganiza zonama kuti ndadwala chimfine, koma munthu wandidyetsa miyezi isanu ndi umodzi osandifunsa chifukwa chake ndimabwera wopanda kanthu. Ameneyo sindingamunamize.

Yothyoka ija ndadya ndekha, wophika nayenso ndi munthu. Mawa ndipita. Nditsuka botolo la jamu, ndithira mtedza pansi, mabisiketi awiriwo pamwamba kuti aoneke: ina yake, ina ya amayi ake. Akafunsa kuti n'chifukwa chiyani ndi awiri okha, ndimuuza zonse, ndipo ndimuitana kwathu Lamulungu kuti adzawaone ndi maso ake anthu amene adya mphatso yake. Usipa utsala.