Tsiku Limene a Overtone Ananjuta

Ife timakhala m'zipinda zapansi m'nyumba ya a Overtone kuno ku Oshawa, ku Canada. Eniakewo ali pamwamba, ndipo akamayenda timadziwa chifukwa masupuni m'dirowa amalira. Ndi munthu wamkulu thupi moti pakhomo lathu amalowa chammbali. Masiku ano amayendetsa basi ya ana asukulu, ndipo mwana wanga Kettie amakwera yomweyo.

Anabadwira ku Zomba, koma anabwera kuno ali wamng'ono, bambo awo atabwera kudzaphunzira. Anakulira ku Etobicoke. Kusekondale, aphunzitsi ataona msinkhu wawo anawaika m'timu ya mpira wakuno, uja wosongoka mbali zonse ziwiri, umene amasewera atavala zipewa ngati za panjinga yamoto. Koleji ina ya ku Amereka inawatenga kuti aziphunzira ulere bola aziyisewerera. Anaphunzira za mapu ndi nyengo. Atamaliza anasewera zaka zingapo m'matimu akuluakulu a ku Canada, ndipo ntchito yawo inali yomweyo. Malo awo pabwalo ankati layinibeka. Tsiku lina ndinawafunsa kuti kwenikweni ankatani.

"Umaima kumbuyo kwa anzako, alamu, n'kumayang'ana amene wanyamula mpira. Ukamuona, umamugwetsa."

"Kenako?"

"Amadzuka. Mumayambiranso."

Anandionetsa vidiyo pafoni. Ndinaona anthu ataunjikana ngati matumba a chimanga. Mpirawo sindinauone.

Chimene anatsala nacho ndi mawondo. Onse awiri anachitidwa opaleshoni, ndipo dokotala anawaletsa kuwapinda kwambiri. Nthawi yozizira amatsika masitepe chambuyo, atagwira chitsulo.

Makolo awo anabwerera kumudzi n'kumwalirira komweko. Chaka chatha a Overtone anafuna kukwatira Zelipa, mnzanga wa kutchalitchi amene amasamalira okalamba ku Mississauga. Zelipa anavomera, koma anati popanda mawu a amalume ake, a Chadza, iye salowa m'banja. A Chadza tonse timawadziwa. Anabwezapo mnyamata wina chifukwa anawapatsa moni ataimirira, dzanja lina lili m'thumba.

Popeza a Overtone alibe mbale kuno, anapempha amuna anga, a Laban, kuti akhale ankhoswe awo. Koma a Chadza anati akufuna kumuona okha munthuyo. Zophunzitsa mwambo zinagwera ine.

"Chipewa muvule pakhomo," ndinatero. "Musaimirire pamaso pawo, mungawatchingire nyali. Mwamuna amanjuta n'kuomba m'manja. Koma inu mungowauza za mawondowo, akupatsani mpando."

"Ayi, alamu. Munthu wofuna mkazi sayamba ndi kudandaula mawondo."

Tinapita kwa a Chadza Loweruka. Ine ndinali kukhitchini ndi Zelipa, mwana wanga wakhanda ali kumbuyo, chitseko titachisiya chotsegula pang'ono. A Chadza ndi munthu wochepa thupi, ndipo anali pasofa atavala jekete. A Overtone anavula chipewa, anayandikira, ananjuta. Mawondo analira ngati munthu akuthyola mapesi. Zelipa anatseka maso.

"Khalani pampando apo," anatero a Chadza moni utatha.

"Pompano pali bwino, bambo."

A Chadza anayang'ana amuna anga n'kugwedeza mutu mokhutira. Kenako mafunso anayamba.

"Ndamva munapita kukoleji. Munaphunzira chiyani?"

"Za mapu, bambo."

"Ndiye munalemba mapu a kuti?"

"Sindinalembe. Ndinayamba ntchito ina."

"Yotani?"

Chichewa cha a Overtone n'chochepa, ndiye amangonena chinthu mmene chilili. "Yogwetsa anthu."

"Anakulakwirani chiyani?"

"Anali ndi mpira."

Kenako a Chadza anafunsa chimene chinali kumtima kwawo. "Zelipa wanga alibe chipewa cha chitsulo. Ali ndi pakamwa. Akakuyankhani molakwika mudzatani?"

"Ndinaritaya pantchito imeneyo, bambo. Panopa ndimanyamula ana m'basi m'mawa uliwonse. Amandigenda ndi makoko a malalanje. Sindinagwetsepo ngakhale mmodzi."

Tiyi tinapititsa. A Overtone anamwa ali chinjutire, thukuta likutsikira m'kolala. Ndinawanong'oneza kuti angokhala pansi n'kutambasula miyendo. Anangondiyang'ana. Apo ndinazindikira kuti ngakhale zimenezo sizikanathekanso.

Pomaliza a Chadza anauza amuna anga kuti mawu awalandira, ankhoswe akhale pansi asankhe tsiku la chinkhoswe. Anapempheranso, ndipo pemphero lawo limafika kwawo ku Dedza n'kutchula midzi. Atati ameni, aliyense anaimirira. A Overtone anatsala pomwepo.

"Ulemu wakwana, mkamwini. Dzukani."

"Sinditha, bambo."

"Mwati?"

"Mawondowa anawang'amba adokotala. Akapindika sabwerera okha."

Zelipa anandigwira mkono. Munthu anabisa chilema pamaso pa a Chadza, ndipo mawu amene angoperekedwa amathanso kubwezedwa.

"Ndiye mwakanirira kuyambira liti?"

"Kuyambira pamene munati ndikhale pampando."

A Chadza anavula jekete, anaipinda bwinobwino, anaiika pasofa. Anagwira mkono wakumanja, amuna anga wakumanzere, ine ndi Zelipa tinagwira lamba. Ulendo woyamba tinalephera. Wachiwiri anadzuka, koma tebulo la tiyi linagwa.

A Chadza anapuma kaye atagwira m'chiuno.

"Zelipa, mwamuna wakoyu pachinkhoswe akhale pampando. Ukamupezere wolimba. Msana ndili nawo umodzi."

Chinkhoswe chinachitika mu Ogasiti, m'holo ya tchalitchi ku Mississauga. Mpando tinabwereka kuchipatala cha okalamba kumene Zelipa amagwira ntchito, wa zitsulo zogwirira mbali zonse. Panopa oyenda pamwamba pathu alipo awiri, koma amene akamayenda masupuni amalira akadali mmodzi.