Maliro a Chikwakwa Wamoyo

Ndivomere poyambirira pomwe: maliro aja ndinayambitsa ndine, ndipo mpaka lero sindinapepese.

Ntchito ndinaipeza nditangosiya Fomu 2, ufulu utangobwera kumene. Malume anga anali mlonda panyumba ya televizhoni ku Kitwe, ndipo atamva kuti akufuna munthu wa dzanja labwino, anandikokera komweko. Ntchito yanga inali ya makadi: kulemba dzina la pulogalamu ndi utoto woyera pakhadi lakuda, kuliimika pathabwa kutsogolo kwa kamera yachiwiri, n'kulichotsa nyali yofiira ikazima. Kukulunga zingwe za makamera, zolemera ngati nsato, chinali chilango cha wolakwa.

Khadi limene ndinkalikonda linali la "Madzulo ndi Chikwakwa". Chikwakwayo anali a Phiri, amene ankaseketsa anthu Lachisanu lililonse, holo ya pamgodi itadzaza oonera. Dzinalo sanalitole panjira ayi. Linali la malume awo, ndipo analilowa kumudzi ku Katete mwini wake ataikidwa m'manda.

Zinavuta a Phiri atayamba kuchititsa madansi ku komboni ya Twapia ndi dzina lomwelo. Bwana wathu, mzungu, anatulutsa pepala. "Dzina ndi la kampani, tinalembetsa. Munthu tingasinthe." Anawachotsa ntchito, n'kukhazika pampando pawo mnyamata wa suti, Chikwakwa watsopano.

Lamlungu, potuluka Misa ku komboni ya Luangwa, Mai Tembo a m'kwaya anandigwira mkono.

"Iwe mwaiche, mwana iwe, wa dzana pa televizhoni uja ndani? A Phiri ali kuti?"

Ine nkhope pansi, mawu a chisoni. "Amayi, ine ndine mwana. Koma kwathu munthu amalowa dzina la mnzake zitatani?"

Basi. Bodza sindinanene.

Lachisanu, faifi koloko itadutsa, ndikuimika khadi langa, tinamva nyimbo ya maliro pageti. Azimayi anadzaza bwalo lonse, mipango kumutu, ena atasenza nkhuni ndi ufa. Malume anga mlondayo anangovula chipewa. Kulira kunalowa mpaka mu maikolofoni, woyang'anira mawu n'kuponya zomvera zake patebulo. Mnyamata wa suti uja anasuzumira pawindo, n'kumasula tayi, n'kuuza bwana mwaulemu wa Chibemba: "Ine pampando apo sindikhalanso, mukwai. Ndili ndi ana."

Bwana anatuluka atafiira. "Sanafe! Munthuyo sanafe!"

"Ngati sanafe, dzina lake mwapatsa bwanji wina?" anatero Mai Tembo. "Tionetseni manda, kapena mutionetse munthu."

Bwana anakweza pepala lake lija m'mwamba. Azimayi anakweza nyimbo. Pulogalamu inali ya sikisi koloko, pampando palibe munthu. Bwana anatuma galimoto ya kampani kukatenga a Phiri.

A Phiri anafika atavala malaya a kumunda, ndipo sanalole kukhala mpaka bwana atanena pamaso pa azimayi onse kuti dzina ndi lawo, pano ndi ku Twapia komwe. Nyali yofiira itazima, ndinachotsa khadi, iwo n'kuyang'ana kamera.

"Anthuni, ndauka. Ufa uja musabwerere nawo."

Mai Tembo, posangalala, anauza aliyense kuti amene anawatsina khutu ndine. Bwana anandiitana. "Mwezi wathunthu pa zingwe, wekha."

Ndinaphunzirapo kuti pepala limagwira dzina mu ofesi mokha. Kunja dzina limasungidwa ndi amene adzakulire. Zingwezo ndinakulungadi mwezi wonse, manja matuza okhaokha, ndikuimba nyimbo ya maliro ija nthawi iliyonse bwana akamadutsa.